MANKHWALA AYAMBE AYESEDWA ASANALOWE M'CHIPATALA CHA ANTHU



Nkhani ya lero ikukhudza chipatala chaching'ono, chimene munthu amayamba kufikako mutu ukamuwawa, msana ukamugwira kapena mwana akatentha thupi usiku. M'chaka cha 1978, mumzinda wa Alma-Ata, m'dziko limene pa nthawiyo linkatchedwa Soviet Union, nthumwi za maiko 134 zinagwirizana kuti maziko a umoyo wa mtundu uliwonse ndi chithandizo choyambirira chotere, chopezeka pafupi ndi kumene anthu amakhala, ndiponso cha mtengo umene dziko lingathe kulipira. Chikalata cha msonkhanowo chinaonjezapo mfundo ina imene anthu ambiri amaiwala, yakuti njira zochizira anthu m'zipatala zoterezi zikhale zimene akatswiri a sayansi aziyesa ndi kuzitsimikiza.

Pali njira ziwiri zochizira zimene kwa zaka zambiri zakhala zikupempha malo m'zipatala zazing'ono za maiko osiyanasiyana. Yoyamba ndi acupuncture, ndiko kubaya thupi ndi masingano oonda kwambiri, njira yochokera ku China. Yachiwiri ndi homeopathy, ndiko kupatsa wodwala timadontho kapena timibulu ta mankhwala osungunulidwa m'madzi kambirimbiri, njira yochokera ku Germany. Anthu amakonda kuzitchulira pamodzi ngati ana amapasa, ena poziyamikira, ena pozinyoza. Koma njirazi zinabadwira kosiyana, ndipo pamene zinayesedwa zinaonetsa zotsatira zosiyana. Mtsogoleri amene anthu amadza kwa iye kudzafunsa nzeru ayenera kudziwa kusiyana kwakeko, pakuti safunsa anadya phula.

CHIYAMBI CHA HOMEOPATHY

Homeopathy anaiyambitsa ndi Samuel Hahnemann, dokotala wa ku Germany amene anabadwa m'chaka cha 1755 namwalira mu 1843. M'chaka cha 1790, pamene ankamasulira buku la mankhwala la William Cullen, iye anamwa khungwa la mtengo wa cinchona, umene umatulutsa kwinini wochiza malungo, ndipo ananena kuti anamva m'thupi zizindikiro zofanana ndi za malungo. Pamenepo anaganiza kuti chinthu chimene chimadzetsa zizindikiro za matenda mwa munthu wabwinobwino chingathenso kuchiza wodwala amene ali ndi zizindikiro zomwezo. Mfundoyi anaifalitsa mu 1796, ndipo mu 1810 anatulutsa buku lake lalikulu lotchedwa Organon.

Munthu ameneyu sayenera kunyozedwa chabe. M'masiku ake madokotala a ku Ulaya ankakhetsa magazi a odwala ndi kuwamwetsa mankhwala aukali okhala ndi mercury, kotero kuti ambiri ankafa ndi chithandizo chomwecho. Wodwala amene anapatsidwa madzi okha nasiyidwa kuti apume kawirikawiri ankapeza bwino kuposa mnzake wokhetsedwa magazi. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene homeopathy inatchukira msanga.

Vuto lagona pa kapangidwe ka mankhwala ake. Amatenga dontho limodzi la mankhwala ndi kulisakaniza ndi madontho 99 a madzi kapena a mowa wa spiriti, nagwedeza mwamphamvu. M'menemo amatengamo dontho limodzi ndi kulisakanizanso ndi madontho ena 99. Akachita chomwechi kakhumi, mphamvu yotsalayo imafanana ndi dontho limodzi lothiridwa m'nyanja yonse ya Malawi, kuchokera ku Karonga mpaka ku Mangochi. Akafika ka 12, akatswiri a sayansi amawerengera kuti kawirikawiri sipatsala ngakhale kachidutswa kamodzi kochepetsetsa ka mankhwala oyamba aja. Koma mankhwala ambiri a homeopathy amalembedwa kuti 30C, kutanthauza kuti asungunulidwa motero ka 30. Tsono chimene wodwala amagula ndi madzi, kapena kambulu ka shuga kodonthezeredwa madziwo. Otsatira njirayi amati madzi amakumbukira chimene chinadutsamo, koma mfundoyi siinatsimikizikepo pamene akatswiri osakondera anaiyesa.

CHIFUKWA CHIMENE ANTHU AMATI ANACHIRA

Wina adzafunsa kuti, ngati ndi madzi chabe, nanga bwanji anthu ambiri, ena a iwo ophunzira bwino, amachitira umboni kuti anachira? Funso limeneli n'loyenera ndipo lili ndi mayankho atatu.

Choyamba, matenda ambiri amene amafika pa chipatala chaching'ono amatha okha. Chimfine chimatha pakadutsa sabata limodzi kapena awiri, munthu amwe mankhwala kapena asamwe. Msana umene wangoyamba kuwawa kawirikawiri umapola pakapita masabata owerengeka. Chachiwiri, munthu amafuna chithandizo pa tsiku limene ululu wafika pachimake, ndipo matenda okhalitsa, monga nyamakazi ndi mutu waching'alang'ala, amakwera ndi kutsika. Chilichonse chimene munthu wamwa pa tsiku loipitsitsa chimalandira ulemu wa masiku abwino otsatira. Chachitatu, chiyembekezo cha wodwala ndi chisamaliro cha womuchiza zimachepetsadi ululu ndi nkhawa, ngakhale kambulu kamene wamwa kakhale kopanda kanthu.

Kaamba ka zifukwa zitatuzi, kufunsa odwala ngati akupeza bwino sikokwanira. M'chaka cha 2005, chipatala cha homeopathy cha mumzinda wa Bristol ku Britain chinalengeza kuti mwa odwala ake oposa 6,500, pafupifupi 70 pa 100 alionse ananena kuti umoyo wao unasintha kukhala wabwino. Chiwerengerochi n'chokoma kumva, koma panalibe gulu lina loyerekezera nalo, choncho palibe amene angathe kunena kuti ndi angati akanapeza bwino popanda mankhwalawo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Njira yoona yoyesera mankhwala ndi iyi: odwala matenda amodzi amagawidwa m'magulu awiri mochita maere, gulu lina limalandira mankhwala enieni, lina limalandira ongoyerekeza ooneka chimodzimodzi, ndipo wodwala ngakhalenso dokotala sadziwa amene walandira ati kufikira mayesowo atatha. Njirayi si yachilendo kwa homeopathy, pakuti kale mu 1835, mumzinda wa Nuremberg, anthu anayesa motere mchere wosungunulidwa ka 30 pouyerekeza ndi madzi wamba, ndipo kusiyana sikunaoneke.

Mayeso a masiku ano afika pa mfundo yomweyo. Mu 2005 magazini ya madokotala ya The Lancet inafalitsa kafukufuku woyerekeza mayeso 110 a homeopathy ndi mayeso 110 a mankhwala a kuchipatala, ndipo anapeza kuti m'mayeso akuluakulu ndi ochitidwa mosamala, mphamvu ya homeopathy siinkasiyana ndi ya mankhwala ongoyerekeza. Mu 2010 komiti yoona za sayansi ya Nyumba ya Malamulo ya ku Britain inanena chimodzimodzi. Mu 2015 bungwe la boma la Australia loona za kafukufuku wa zaumoyo linalengeza kuti palibe matenda ngakhale amodzi amene pali umboni wodalirika wakuti homeopathy imachiza. Mu 2017 akuluakulu a zipatala za boma ku England analangiza madokotala kuti aleke kulembera odwala mankhwalawa. Dziko la France, kumene homeopathy inali yokondedwa kwambiri ndi madokotala a mabanja, linachepetsa gawo la mtengo limene boma linkabweza kuchoka pa 30 kufika pa 15 pa 100 alionse mu 2020, ndipo kuyambira pa 1 January 2021 linalekeratu kulipira. Pali maiko ena, monga India, amene amaipatsabe malo m'maunduna ao, koma kupatsidwa ofesi ndi kupambana mayeso ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Ena amati, ngati ndi madzi chabe, ndiye kuti sangapweteke munthu. Apa ndi pamene pali ngozi yeniyeni. Madziwo sapha, chimene chimapha ndi kuchedwa. Mwana wamng'ono wodwala malungo angathe kumwalira pakangopita tsiku limodzi kapena awiri osalandira mankhwala oyenera. Wodwala chifuwa chachikulu amene wasiya mapiritsi ake angathe kupatsira a m'banja lake, ndipo matendawo angasanduke osamva mankhwala. N'chifukwa chake mu 2009 bungwe la World Health Organization linachenjeza kuti homeopathy isagwiritsidwe ntchito pochiza malungo, chifuwa chachikulu, HIV, fuluwenza ndi kutsegula m'mimba kwa makanda.

MBIRI YA MASINGANO

Nkhani ya acupuncture ndi ina. Njirayi inalembedwa m'buku lakale la ku China lotchedwa Huangdi Neijing zaka zoposa 2,000 zapitazo. Eni ake ankaphunzitsa kuti m'thupi muli mphamvu yotchedwa qi imene imayenda m'njira zake, ndipo kuti singano yobayidwa pamalo oyenera imakonza kayendedwe kake. Kuyambira cha m'ma 1968 boma la China linatumiza m'midzi anthu ophunzitsidwa mwachidule, otchedwa madokotala opanda nsapato, amene ankapereka katemera, kuphunzitsa ukhondo, ndi kugwiritsanso ntchito masingano ndi zitsamba. Maiko a azungu anayamba kuchita chidwi kwambiri mu 1971, pamene mtolankhani James Reston wa nyuzipepala ya New York Times anachitidwa opaleshoni ya apendikisi ku Beijing. Pa opaleshoniyo anamupatsa mankhwala ochititsa dzanzi a nthawi zonse, koma pambuyo pake anabayidwa masingano pofuna kuchepetsa ululu wa m'mimba, ndipo analemba za chimenechi m'nyuzipepala yake.

Njira za qi sizinapezekepo m'thupi ndi akatswiri opima matupi. Komabe singano ndi chinthu chenicheni chimene chimakhudza khungu, minofu ndi mitsempha, ndipo pali umboni wakuti kubaya kotereku kumachititsa thupi kutulutsa mankhwala ake achibadwa ochepetsa ululu. Choncho funso lakuti kodi imathandiza linali loyenera kuliyesa, ndipo linayesedwa m'zipatala zazing'ono momwemo.

Mayeso otchuka koposa anachitika ku Germany ndipo anafalitsidwa mu 2007. Odwala msana wokhalitsa okwana 1,162 anagawidwa m'magulu atatu. Gulu loyamba linabayidwa motsata malamulo a ku China. Lachiwiri linabayidwa mongoyerekeza, masingano osalowa kwambiri ndiponso pamalo amene sali m'mabuku. Lachitatu linalandira chithandizo cha nthawi zonse cha mapiritsi ndi masewera olimbitsa thupi. Patapita miyezi 6, opeza bwino anali pafupifupi 48 pa 100 alionse m'gulu loyamba, 44 m'gulu lachiwiri, ndi 27 okha m'gulu lachitatu. Zotsatirazi zinaphunzitsa zinthu ziwiri pa nthawi imodzi. Odwala obayidwa anapezadi bwino kuposa anzao. Koma malo obayapo, amene ophunzira amaloweza kwa zaka, sanasinthe zinthu kwenikweni.

Ku Britain, mayeso ofalitsidwa mu 2004 anatsata odwala mutu wokhalitsa okwana 401 a m'zipatala za madokotala a mabanja. Amene anabayidwa masingano kufikira ka 12 m'miyezi itatu anakhala ndi masiku a mutu ochepera ndi 22 pa chaka, anamwa mankhwala ochepera ndi 15 pa 100 alionse, ndipo maulendo ao a kwa dokotala anachepa ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Mu 2018 Andrew Vickers ndi anzake anasonkhanitsa mayeso 39 a odwala 20,827, napeza kuti pa ululu wokhalitsa wa msana, khosi, phewa, maondo ndi mutu, acupuncture imaposa kusabayidwa konse moonekeratu, koma imaposa kubaya kongoyerekeza pang'ono pokha.

Maboma atanthauzira umboni umenewu mosiyana, ndipo ena asinthapo maganizo. Germany inagamula mu 2006 kuti inshuwalansi ya anthu onse izilipira masingano pa matenda awiri okha, msana wokhalitsa ndi nyamakazi ya m'maondo. Bungwe la NICE, limene limalangiza zipatala za boma ku England, linavomereza masingano pa msana mu 2009, linabweza mau akewo mu 2016, ndipo mu 2021 linawalola pa ululu wokhalitsa umene gwero lake silidziwika. Ku United States, thumba la boma losamalira okalamba la Medicare linayamba kulipira masingano a msana wokhalitsa mu 2020. Kusinthasintha kumeneku kusadabwitse munthu: ndi mmene zimakhalira phindu likakhala lilipo koma lili laling'ono.

Tsono malire ake ayenera kumveka bwino. Umboni umene ulipo ndi wa kuchepetsa ululu wokhalitsa, ndiponso pang'ono wa kuchepetsa nseru. Palibe umboni wakuti masingano amapha tizilombo ta malungo, amachiza chifuwa chachikulu, khansa kapena matenda a shuga. Ngozi zakenso zilipo. Kafukufuku wa ku Germany wofalitsidwa mu 2009, wa odwala 229,230 obayidwa ndi madokotala ophunzira, anapeza kuti pafupifupi 9 pa 100 alionse anakumana ndi vuto, makamaka kutuluka magazi pang'ono ndi kuwawa pobayidwapo, ndipo awiri anabooledwa phapo. M'manja mwa munthu wosaphunzira ngozi yotereyi imakula. Singano yogwiritsidwa ntchito kawiri ingathe kufalitsa HIV ndi matenda a chiwindi, monga momwe lumo limodzi lotemera mphini anthu angapo limachitira.

PHUNZIRO KWA ZIPATALA

Pali phunziro lina limene ogwira ntchito zaumoyo sayenera kulithawa. Wochiza ndi homeopathy amatha kukhala ndi wodwala watsopano kwa ola lathunthu, akumufunsa za tulo, za chakudya ndi za nkhawa zake. Wobaya masingano amamugwira wodwala m'thupi ndi kumuonanso sabata ndi sabata. Kafukufuku wa ku Southampton wofalitsidwa mu 2011, wa odwala nyamakazi yotupitsa mfundo za mafupa, anapeza kuti phindu limene odwala anaona linachokera ku kukambirana kwa nthawi yaitaliko, ndipo timibulu tomwe sitinaonjezepo kanthu. Anthu ambiri amene amathawa chipatala amathawa kukalipiridwa ndi kulemberedwa mapiritsi asanamalize kufotokoza. Namwino ndi dokotala amene amapatsa wodwala moni, kumumvetsera ndi kumuuza mwaulemu dzina la matenda ake ndi kamwedwe ka mankhwala, amatseka khomo limene onyenga amalowerapo. Chimenechi sichifuna ndalama zakunja.

Wina asaganize kuti mau awa akunyoza nzeru za makolo kapena za maiko a kum'mawa. Chitsanzo chili m'chipatala chilichonse cha m'dziko muno. Mu 1967 boma la China linakhazikitsa ntchito yofufuza mankhwala atsopano a malungo. Mayi Tu Youyou ndi gulu lao anafufuza m'mabuku akale, napeza malangizo a Ge Hong, amene anakhalako zaka pafupifupi 1,700 zapitazo, onena za chitsamba cha Artemisia annua. Mu 1972 anatulutsamo mankhwala a artemisinin. Mankhwalawa anayesedwa pa nyama ndi pa anthu, muyezo wake unadziwika, ndipo anapambana. Malawi, amene mu 1993 anasiya chloroquine nayamba Fansidar chifukwa tizilombo tinaleka kumva mankhwala, anayamba mu 2007 kugwiritsa ntchito LA, amene mbali yake imodzi imachokera ku artemisinin. Mayi Tu analandira mphoto ya Nobel mu 2015. Kwinini nayenso anachokera ku khungwa la mtengo wa ku South America. Choncho khomo la chipatala ndi lotseguka kwa mankhwala ochokera kulikonse, a m'tchire ngakhale a m'fakitale, malinga ngati alola kuyesedwa ndi muyeso umodzi ndi anzao onse.

UDINDO WA ATSOGOLERI

Ndalama za zaumoyo ndi msonkho wa mlimi wa fodya, wa msodzi ndi wa mphunzitsi, ndipo n'zochepa. Kwacha iliyonse yogulira madzi a m'botolo lokongola yachotsedwa pa katemera, pa masikito, pa zipangizo zoyezera malungo ndi pa mafuta a ambulansi. Wogwira ntchito m'Boma amene wapatsidwa udindo wogula mankhwala kapena wopereka chilolezo ayenera kufunsa mafunso atatu asanasaine: kodi mankhwalawa anayesedwa pa anthu angati, anayerekezedwa ndi chiyani, ndipo analipira mayesowo ndani? Wogulitsa amene akuyankha ndi makalata a anthu oyamikira okha sanayankhe funso ngakhale limodzi.

Atsogoleri a Chipani, amene amakhala pakati pa anthu usana ndi usiku, ali ndi mbali yao. Pa misonkhano ya m'nthambi ndi pa maliro pomwe, iwo ayenera kugwirizana ndi mafumu ndi alangizi a zaumoyo pokumbutsa makolo kuti mwana wotentha thupi apite ku chipatala tsiku lomwelo kukayezedwa magazi. Kuti wotsokomola kwa masabata awiri akapereke makhololo. Ndiponso kuti womwa ma ARV, mankhwala a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi asawasiye chifukwa cha lonjezo la munthu wina aliyense. Mtsogoleri asabwereketse dzina lake kapena bwalo la msonkhano kwa wamalonda amene amati botolo limodzi limachiza matenda onse, pakuti anthu akaona mtsogoleri ataima pambali pake amayesa kuti Boma lavomereza.

Wodwala msana kapena mutu wa zaka zambiri, amene dokotala wamupima napeza kuti palibe matenda oopsa obisika, angathe kuyesa masingano ngati afuna, kwa munthu wophunzira ndi wovomerezeka, wogwiritsa ntchito masingano atsopano otsegulidwa iye akuona. Ayembekezere kuchepa kwa ululu, osati kuchira kwa matenda onse, ndipo akaona kuti palibe kusintha pakapita masabata angapo aleke, asunge ndalama zake. Za homeopathy, umboni wa zaka pafupifupi 200 walephera kuonetsa kuti imaposa madzi, ndipo ilibe malo pa shelefu ya chipatala cha anthu.

Amayi ndi abambo, wakutsina khutu ndi mnansi. Mau amenewa aperekedwa kwa atsogoleri kuti akawafikitse kwa anthu a m'madera ao, chifukwa mayi amene wabereka mwana wodwala kumbuyo sawerenga magazini a madokotala. Iye amamvera wapampando wa nthambi, mfumu ndi mlangizi wa zaumoyo, ndipo njira imene adzalowere m'mawa umenewo idzatsata zimene anthu atatuwa anamuuza.